Buku Limene Ndinasungira Achemwali

Achemwali anga anaimba foni Lachiwiri masana, ine ndili kalikiliki kuwerenga makadi a ukwati wa anthu osawadziwa. Ntchito yanga ndi imeneyo. Pa kampani yathu yosindikiza, pepala lililonse lisanalowe m'makina limayamba ladutsa m'maso mwanga, ndione ngati chilembo china chathawa kapena dzina la mkwati lalembedwa molakwika. Anzanga amanditcha Wamagalasi, dzina limene anandipatsa ndi achemwali omwewo ndili mwana.

"Wamagalasi, ndachokera kwa dokotala. Diso lakumanzere lija akuti basi tiliiwale. Lakumanjali nalo layamba ulendo womwewo."

Anayankhula mwaphee, ngati akundiuza kuti sopo watha. Matenda a shuga anali atawadya kwa zaka zambiri, koma kudandaula sanakuphunzire. Ndinayamba kunena zija timanena tonse, zoti tikaonane ndi dokotala wina, koma anandidula.

"Siya zimenezo. Ine ndikufuna buku lija. Ubwere nalo kumapeto kwa mwezi uno, ndilioneko diso lisanatseke sitolo. Likadalipo eti?"

"Lilipo, achemwali. Lili pa shelefu."

Bodza limeneli ndinali nditalinena kwa zaka zisanu ndi zinayi, moti linkatuluka lokha osadikira chilolezo changa.

Linali buku la nthano zosiyanasiyana, buku lokhalo limene linali m'nyumba mwathu tili ana. Chikuto chinachoka ine ndisanabadwe. Achemwali ndi amene ankandiwerengera, ndipo atasiya sukulu n'kuyamba kuchapa ndi kusita zovala za anthu kuti ine ndipitirize, ankandiwerengerabe. Amayi atamwalira tinagawana katundu, ngati tinganene kuti anali katundu. Achemwali anatenga mapoto ndi simbi yositira. Bukulo analikulunga m'pepala la pulasitiki n'kundipatsa ine.

"Kwanga kumadontha," anatero. "Iwe nyumba yako ndi yabwino, komanso ndiwe munthu wa mapepala. Undisungire."

Ndinalisunga zaka zitatu. Kenako tinasamukira m'nyumba yokulirapo, ndipo apongozi anga ankabwera kudzaiona koyamba. Ndinali nditagula shelefu yagalasi. Ndikuyala mabuku anga onyezimira, kabukuko kanaoneka ngati wamasanza wolowa paphwando osaitanidwa. Kankanunkha parafini ndi utsi, fungo la nyumba imene ndinakulira, imene sindinkafuna kuti apongozi aiganizire. Ndinakaponya m'katoni ya zakale n'kuika katoniyo kukhonde lakuseri, mumtima ndikuti ndikabwezera alendo akapita. Alendo anapita, mvula inabwera, ine ndinaiwala. Patapita mwezi ndinapeza katoni yonse itasanduka phala, ndipo ndinaitaya ndekha kudzala osaifufuza n'komwe. Mkazi wanga sanakhudzeko. Ndikunena zimenezi chifukwa amuna ambiri tikataya chinthu timathamangira kuloza akazi athu.

Madzulo a tsiku la foniyo ndinamuuza mkazi wanga kuti ndikufuna kupeza buku lina lofanana nalo.

"Mutu wake ndi chiyani?" anafunsa.

Buku limene ndinaphunzirira kuwerenga, mutu wake sindinkaudziwa. Ife tinkangoti buku, popeza panalibe lina loti n'kulisiyanitsa nalo.

"Bwanji osangowauza zoona? Ndi achemwali anu, sangakudyeni."

Ndinamukalipira kuti za kwathu sakuzidziwa. Anangondiyang'ana n'kupitiriza kudula anyezi. Amene ankalakwa ndinali ine, ndipo n'chifukwa chake ndinapsa mtima.

M'mawa mwake ndinayesa uchenjere. Ndinaimbira achemwali n'kucheza nawo za apa ndi apo, kenako ndinaponya funso ngati longodutsa.

"Paja buku lija mutu wake timati chiyani?"

"Si uli nalo pa shelefu? Nyamuka ukaone."

"Chikuto paja palibe."

"Tsamba loyamba lilipo, ndipo mutu uli pomwepo. Ulesi umenewo unayamba liti, Wamagalasi?"

Ndinaseka nawo. Munthu yekhayo padziko amene ankadziwa mutu wa bukulo ndi amene sindikanatha kumufunsa.

Ndinayambira kulaibulale yaikulu. Mtsikana wa pa kompyuta anandifunsa mutu, ndinalibe. Wolemba, ndinalibe. Chaka, ndinalibe. Anachotsa manja pa makinawo n'kundiuza mwaulemu kuti kompyuta silota. Ndinalembanso pa gulu lina la pa foni la anthu okonda mabuku akale, koma ndi dzina labodza, poopa kuti mwana wa achemwali angaone. Anthu makumi awiri anayankha kuti nawonso amalikumbukira, ndipo aliyense ankakumbukira buku lake.

Zimene ndinali nazo m'mutu zinali zidutswa. Munali nthano ya telala amene ankasokera anthu thumba lobisika m'majekete awo osawauza. Munali ya mbuzi imene inakwera sitima yokha n'kukatsika pamalo oyenera. Munali chithunzi cha bambo atakhala padenga ndi ambulera. Ndipo kumapeto kunali ya mtsikana amene anatumidwa kukapereka kalata kunyumba ya chitseko chobiriwira.

Zonsezi ndinazifotokozera wogulitsa mabuku wina amene amayala malonda ake pansi pafupi ndi pokwerera basi, buku lililonse atalitsindira ndi mwala kuopa mphepo. Anandimvetsera akutokosa m'mano.

"Ndiye mtsikanayo atagogoda anatsegula ndani?"

"Bambo ake amene anasowa kalekale." Ndinaima. "Kapena ayi. Ndikuona ngati anali galu wovala chipewa. Penanso ndimakumbukira kuti sanatsegule munthu, chitseko chinangotseguka chokha."

"Bwana, mukufuna buku limodzi kapena atatu?"

Anthu amene anaima pafupi anaseka. Ine ndinangoti ukalamba wayamba, mutu ukusakaniza zinthu. Wamabukuyo anandimvera chisoni. Anati mabuku oterowo ankawagawa m'masukulu kale, ndipo ngati latsala penapake ndiye kusukulu yakale ija ili kuseri kwa msika, kumene kuli mayi wina wopuma pa uphunzitsi amene amasunga kiyi wa chipinda cha mabuku otha ntchito.

Ndinapita Lachisanu, nditanamiza abwana anga kuti ndikupita kukakonzetsa magalasi. Mayiyo anali wamfupi, wa imvi, kiyi atamumangirira pachingwe m'khosi. Nditatchula telala anagwedeza mutu kukana. Nditatchula mbuzi anamwetulira.

"Ya mbuzi yokwera sitima. Ana ankaikonda imeneyo mpaka kulimbirana. Tiyeni."

Chipindacho chinali chamdima, mawindo atatsekedwa ndi makatoni. Mabuku anaunjikana kufika m'chiuno, ndipo chiswe chinali chitamanga misewu yake m'makoma. Tinafukula pafupifupi ola lathunthu, tikuyetsemula mosinthana. Kenako anasolola kabuku ka chikuto chachikasu n'kukapukuta pa siketi yake. Ndinatsegula pakati, ndipo bambo wa ambulera uja anali pomwepo padenga lake. Ndinakhala pa mulu wa mabuku a masamu.

"Tengani," anatero mayiyo. "Kuno akudya ndi chiswe. Koma mwavutika chonchi, n'la ndani?"

"Achemwali anga. Maso akuwavuta. Anali nalo kale, koma analitaya."

Mawu amenewo anatuluka mosavuta ngati madzi a pampopi. Mayiyo anandigwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Muli ndi mtima wabwino, bambo. Alongo ena sakanadzivutitsa chonchi."

Ndinatuluka nditazolika, osatha kumuyang'ana kumaso. Kutaya buku kunali kulakwa kumodzi. Tsopano ndinali nditawasenzetsa achemwali mlandu wanga pamaso pa munthu wachilendo, n'kulandirapo chiyamikiro.

Koma manyazi sanandiletse. Bukulo linali labwino kwambiri kuti likhale lathu, choncho ndinayamba kuliwononga, ndipo pa ntchito imeneyo ndinali katswiri. Nthawi ya chakudya chamasana anzanga atatuluka, ndinalowa m'chipinda chomatira mabuku. Ndinachotsa chikuto ndi mpeni pang'onopang'ono kuti ulusi usaduke. Chidindo cha sukulu ndinachipala ndi lezala mpaka pepala linayera. M'mbali ndinapakamo tiyi wozizira ndi thonje, ngodya ndinazipinda ndi chala, pamsana ndinadonthezapo parafini. Kenako ndinaliyanika padenga la galaja masiku awiri.

Womata mabuku wathu, bambo wachikulire amene tagwira limodzi zaka zambiri, anandipeza ndikupinda ngodya.

"Wamagalasi, ife timalandira malipiro pokonza mabuku. Inu mwayamba dipatimenti yatsopano?"

Ndinamuuza kuti ndi za sewero la ana kusukulu. Limenelo linali bodza lachinayi kapena lachisanu, ndinali nditasiya kusamala.

Pomaliza ndinachita zimene ndimachita ndi ntchito iliyonse isanatuluke pakhomo. Ndinayendera tsamba ndi tsamba, kufufuta za pensulo zimene ana a sukulu analemba, ndi kuonetsetsa kuti manambala akutsatana bwino. Masamba onse analipo, kuyambira loyamba mpaka lomaliza. Ndinadzitama mumtima kuti ntchito ndaigwira. Nthanozo sindinaziwerenge, maso anga anali pa zilema zokha.

Loweruka lomaliza la mweziwo ndinafika kwa achemwali cha m'ma teni koloko m'mawa. Amakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo chipinda chakutsogolo ndi chogwiriramo ntchito. Malaya a makasitomala anali lende pa waya kuchokera khoma ili kufika lina, onse osita bwino. Iwo anali pa tebulo lawo, akusita buluku lakuda. Ndinaona kuti dzanja lamanzere likuyenda patsogolo pa simbi, kufufuza mzere ndi zala. Kale sankachita zimenezo.

"Wanenepa," anatero nditangolowa. "Ngakhale diso limodzi likuona zimenezo."

Anaimika simbi, kupukuta manja, n'kukhala pa mpando wa pafupi ndi zenera pamene pamawala. Ndinatulutsa bukulo m'pepala la pulasitiki, ngakhale zimenezo ndinali nditakumbukira, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Analiyeza kulemera m'dzanja. Analinunkhiza. Anatsegula tsamba loyamba, kulitembenuza, n'kulibweretsa pafupi ndi diso lakumanja mpaka pepala linakhudza mphuno. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako analitseka n'kundibwezera.

"Zilembo zikundithawa. Ndiwerengere iwe. Ya mtsikana wa kalata ija."

Ndinapumira m'mwamba. Ndinaganiza kuti ndawoloka. Ndinakonza magalasi n'kuyamba kuwerenga mokweza, mawu nditawakometsera ngati wa pa wailesi. Mtsikana anatumidwa ndi azakhali ake, anadutsa pamsika, anawoloka mlatho, mvula inamupeza ndipo anabisa kalata m'malaya. Achemwali ankagwedeza mutu, milomo ikuyenda limodzi ndi ine. Mtsikana anafika pa chitseko chobiriwira n'kugogoda katatu. Ndinatembenuza tsamba n'kupitiriza. Anatsegula ndi nkhalamba yokonza mawotchi, imene inawerenga kalatayo, kumuthokoza mtsikanayo, kumupatsa lalanje, n'kumuuza kuti abwerere msanga kusanade. Nthano inathera pomwepo.

Nditakweza maso ndinapeza milomo ya achemwali itasiya kuyenda.

"Kani anali wokonza mawotchi," anatero motsitsa. "Zaka makumi anayi ndisakudziwa."

"Mwati bwanji, achemwali?"

"Lathu linkathera pogogoda. Masamba awiri omaliza abambo anapichirira fodya asanatithawe. Iwe unkalira kuti ndikuuze amene anatsegula, ndiye ndinkangopeka. Lero bambo ake, mawa galu, mkuja china. Unkakhulupirira zonse."

Ndinayang'ana bukulo m'manja mwanga, ngodya zake zopinda mwaluso, m'mbali mwake mofiirira ndi tiyi, ndipo ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe. Ndinayamba kunena kuti mwina akusokoneza, koma anandidula.

"Usavutike," anatero. "Ndinadziwa usanayambe n'kuwerenga komwe. Ndimangofuna ndimve mathero ake, poti wabwera nawo. Unalitaya liti?"

Ndinawauza zonse. Shelefu yagalasi, apongozi, katoni, khonde, mvula, dzala. Ndinawauzanso zimene ndinanena kwa mayi wa kusukulu uja, kuti analitaya ndi iwo. Pamenepo anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Zaka zisanu ndi zinayi. Ndipo Khirisimasi iliyonse ndikafunsa unkati lili pa shelefu."

"Pepani, achemwali. Ndimaganiza kuti nthano zake ndi zomwezo, ndiye..."

"Nthano ndimazidziwa pamtima, Wamagalasi. Ndingakuwerengere zonse maso ali chitsekere. Sindimafuna nthano ine. Tsegula tsamba loyamba, utembenuze."

Ndinatembenuza. Kuseri kwake kunali koyera, kopanda chilembo ngakhale chimodzi.

"Ukukumbukira uli m'kalasi lachinayi, unabwera ukulira kuti anzako akukuseka? Amayi a anzako ankasaina malipoti a ana awo, athu ankadinda chala. Unati sukufunanso chala chawo pa lipoti lako, n'chauve. Unanena iwo ali pomwepo, akutsuka mbale."

Ndinkakumbukira kulirako. Zoti amayi anamva sindinaziganizirepo.

"Mawa lake iwe utapita kusukulu anandiuza kuti ndiwaphunzitse kulemba dzina lawo. Pepala munalibe m'nyumba, ndiye tinkalemba kuseri kwa tsamba limenelo. Masana aliwonse, akaweruka kochapa, manja akadali otuwa ndi sopo. Pensulo ankaigwira ngati singano. Analemba kakhumi ndi kamodzi. Oyambawo anali ngati nkhuku yapalasa, koma lomaliza linatuluka bwinobwino, moti anandituma ndikawagulire cholembera cha inki. Anati usamuuze, adzangoona tsiku la lipoti."

Anaima, n'kupukuta diso lakumanzere limene limangotuluka madzi lokha.

"Tsiku la lipoti unabwera nalo losaina kale. Unali utapempha mayi wa nyumba yoyandikana nafe uja. Amayi anangoti mwana wachita bwino, n'kubisa cholembera m'thumba. Sanalembenso pena paliponse mpaka kumwalira. Dzanja lawo linali patsamba limenelo basi."

Sindinalire. Ndikanalira bwenzi achemwali atayamba kunditonthoza, ndipo ngakhale ine ndinaona kuti zimenezo sizikundiyenera. Ndinangokhala, buku lili pamiyendo, ndikumva kununkha kwa parafini amene ndinadontheza ndekha.

"Uli ndi cholembera?" anafunsa.

Ndinali ndi chofiira chija ndimachongera zolakwa za anthu ena, chimene sichichoka m'thumba la malaya anga. Ndinawapatsa. Anatenga bukulo, kuliika pa tebulo lositira, n'kuwerama mpaka tsaya linatsala pang'ono kugunda pepala. Analemba pang'onopang'ono, osati m'kalembedwe kawo, koma zilembo zikuluzikulu zotalikirana, china chitatsamira kumbuyo, chomaliza chili ndi mchira wautali wotsika pansi. Linali dzina la amayi. Anatenga nthawi yaitali pa chilembo chilichonse, akuima, kuganiza, n'kupitiriza.

Atamaliza anandikankhira bukulo.

"Ndimafuna ndilionenso ndisanaiwale, chifukwa m'mutu zayamba kufufutika. Linali chonchi, ndikuganiza. Iwe maso ako ndi a ntchito imeneyi, ndipo unakhala nalo zaka zitatu. Zikufanana?"

Yankho losavuta linali kale pa lilime. Akanakondwa nalo, ndipo panalibe munthu padziko woti n'kunditsutsa. Ndinayang'ana zilembo zofiirazo, ndinayang'ana diso lawo limodzi lija likundidikira.

"Sindikudziwa, achemwali."

"Waiwala?"

"Sindinalitsegulepo. Chichokereni m'manja mwanu, sindinalitsegulepo ngakhale kamodzi."

Kenako anatseka cholemberacho n'kundibwezera, bukulo n'kulisiya chitsegukire pa tebulo.

"Ndiye palibenso woti ndimufunse," anatero, n'kuyamba kufufuza ndi dzanja pamene anaimika simbi.